Bondo la Mkamwini

Lachiwiri, 10 Juni

Andigoneka m'wodi ya abambo, bedi la pazenera. Anandibweretsa panjinga ndi mkamwini wanga Shadrick, mwana wanga Leah akutsatira pambali atagwira mwendo kuti usagunde masipoko. Bondo lakumanja latupa ngati dzungu ndipo likutentha, pomwe thupi lonse likuzizidwa. Adokotala analowetsa singano yaitali m'mbali mwa bondo n'kupopa madzi achikasu. Ndinakuwa, sindibisa. Telala amene wabaya nsalu za anthu moyo wake wonse, lero wabayidwa iye n'kulira ngati mbuzi.

Leah wabwerera madzulo ano. Ali ndi pakati, mpunga sanamalize kudula, ana ali pasukulu. Choncho ndilibe gadiyani. Kope ili ndi lomwe ndinkalembamo miyezo ya makasitomala. Masamba akumbuyo anatsala, ndiye ndizilembamo kuti dzuwa lizilowa msanga.

Lachitatu, 11 Juni

Kanyula padzanja lamanzere. Jakisoni wodzera m'menemo m'mawa uliwonse, panado katatu patsiku, ndi piritsi limodzi la BP chifukwa akuti nayonso yakwera. Andikankha pachikuku kukajambula bondo. Adokotala anakweza chithunzicho pazenera n'kundionetsa: pakati pa mafupa awiri pamayenera kukhala mpata, koma kwa ine mpatawo watsala pang'ono kutsekeka. Akuti matenda ndi awiri. Tizilombo tomwe talowa m'madzi a m'bondo tifa ndi jakisoni. Kudyeka kwa mafupa ndi ukalamba, ndipo kumeneko kulibe jakisoni.

Anandifunsa kuti ndinasiya liti kuyenda ndekha. Nditati chaka chatha, anandiyang'anira pamwamba pa magalasi, n'kugwira ntchafu yanga kuifinya. Yatsala ngati mkono wa malaya oyanika pachingwe. Anangolemba.

Lachinayi, 12 Juni

Kutentha thupi kwatsika. Ndamaliza phala lonse.

Funso la adokotala landikhala pamtima. Ine kwathu ndi kuseri kwa phiri la Michesi. Ku Kaduya ndinapita ndili mnyamata kukakwatira Eveles, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinamanga nyumba pamudzi pa akazi anga. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma ine zaka makumi anayi sindinaterereke. Mango onse a pakhomopo ndinabzala ndine, chitsime ndinakumba ndine, mayunifolomu a ana a mudzi wonse anadutsa pamakina anga pakhonde la sitolo ku Migowi. Komabe mkamwini ndi mkamwini. Eveles atamwalira mu Epulo chaka chatha, titameta, alamu anga a Cornelius, mwini mbumba, anandisudzula pamaso pa anthu. Analankhula mwaulemu kwambiri: mwatisungira mlongo wathu, mwatiberekera ana, tsopano ndinu omasuka, mutha kubwerera kwanu. Zoti ana ndi minda ndi za kuchikazi ndinkazidziwa kuyambira tsiku la chinkhoswe.

Sabata yomweyo bondo linayamba kuwawa, monga linkachitira nyengo yozizira iliyonse. A Cornelius anati wodwala sapitikitsidwa, ndiyambe ndachira. Mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri. Ndinakhala pampando wa ndalema pakhonde, osadzukanso. Poyamba ndinkawonjezera kubuula alamu akamadutsa. Pofika Khirisimasi kunalibenso chowonjezera, bondo linali litaphunzira lokha.

Nkhani yake ndi imeneyo. Ndikayenda, ndichoka ku Kaduya. Ndikakhala, miyendo ikutha.

Lachisanu, 13 Juni

Moyo wa muno ndayamba kuuzolowera. M'mamawa okolopa amabwera ndi zidebe zawo n'kutulutsa magadiyani onse ogona pansi pa mabedi. Kenako jakisoni, phala, adokotala kuzungulira, kenako kudikira basi. Masana kumabwera olalikira, wina akamaliza wina amayamba, ndipo onse amagwirizana pa mfundo imodzi yokha, yoti tatsala pang'ono kufa.

Mnansi wanga ndi a Davison, mlimi wa mpunga wa kuchigwa, kufupi ndi Chilwa. Anabwera ndi zilonda za kumsana chifukwa chogona nthawi yaitali. Nawonso anayamba ndi maondo zaka zitatu zapitazo, ndipo pano miyendo inapindika, siwongokanso. Koma pakamwa pali bwinobwino. Akazi awo, mayi Lenia, ochepa thupi ngati mtsikana wa sitandade eyiti, amawanyamula, kuwasambitsa, kuwatembenuza, uku akukangana za mbuzi yomwe inagulitsidwa kalekale. "Miyendo yanga ndi iyi," amatero a Davison akuloza mayiwo. Mayi Lenia amangotsonya.

Ataona kuti palibe wondiphikira, andipatsa kalongonda m'kambale. Anaphikidwa bwino, mofatsa, mmene ankachitira Eveles, kumuwiritsa tsiku lathunthu n'kumataya madzi. Ndadya nditayang'ana kukhoma.

Loweruka, 14 Juni

Ola la alendo ndi lowawa kuposa singano. Chitseko chikatsegulidwa anthu amakhamukira mkati ndi mabasiketi, mafulasiki, nthochi, aliyense maso ali pabedi la wake. Ine ndimadziwa kuti wanga kulibe, komabe khosi limatembenuka lokha. Lero ndangokhala n'kumaona zovala. Madiresi ambiri ndi a kaunjika, ndipo bambo wina wavala jekete lomwe telala wake ayenera kumangidwa, kolala kugwa ngati khutu la galu. Atatuluka onse, m'wodi munatsala fungo la nsomba ndi manachesi.

Leah watumiza uthenga pafoni ya anesi kuti miyendo yamutupa, abwera akapezako bwino. Akuti Rejoice, mdzukulu wanga wamng'ono, akumafunsa kuti anganga apita kuti. Ndamusowa mwanayo.

Lamulungu, 15 Juni

Palibe adokotala, palibe wabwera. Kwaya ina inaimba pakhonde. Ndagona kwambiri.

Lolemba, 16 Juni

Bondo laphwa, khungu lachita makwinya. Apopanso madzi pang'ono, akuti ayamba kuyera.

Kwabwera mtsikana wa mafizo, dzina lake Kate, Mtumbuka wa ku Rumphi, woyenda ngati basi ikumusiya. Anandiuza kuti ndikanikizire kuseri kwa bondo pamatiresi, ndilimbitse ntchafu, ndidikire pang'ono, ndimasule. Kenako kukweza mwendo uli wowongoka. Sunakwere. Ndinautuma, unakana ngati mwana wa eni ake.

Ndinamuuza kuti bondo lowawa limafuna kupuma, aliyense amadziwa zimenezo. Anati lomwe limapuma ndi lotupa komanso lotentha, ndipo langa lapumira kale mudzi wonse. Anafotokoza kuti m'bondo muli timadzi tonga mafuta tomwe timayenderera pokhapokha munthu akamapinda ndi kuwongola mwendo, ndipo kanyama koterera ka kumapeto kwa mafupa kamapeza chakudya m'timadzi timeneto. Ukangokhala, kamagona ndi njala. Komanso chomwe chimagwira bondo kuti lisagwedezeke ndi minofu ya pantchafu, ndipo minofuyo imasungunuka munthu akasiya kuyenda. Ndinafunsa ngati kuyendako sikumalizitsa mafupa otsalawo. Anati ayi, kuyenda pang'onopang'ono pamalo osalala sikudya fupa, chomwe chandidya ine ndi mpando.

Mwana wa dzulodzuloli, koma wanena zoona, ndipo zandinyansa.

Lachiwiri, 17 Juni

Kate anabwera ndi chitsulo cha miyendo inayi chogwirira poyenda. Ndinati mutu ukuwawa. Anati abweranso masana. Masana ndinagona tulo tabodza, ndipo ndinamumva ataima pamutu panga nthawi yaitali asanachoke. A Davison andiyamikira, akuti ana a mafizowa amathyola anthu, iwo anawakana kalekale.

Kuyamikiridwa ndi a Davison sikunandisangalatse.

Lachitatu, 18 Juni

Ndaima. Chizungulire, thukuta m'nyengo yozizira ino, wodi yonse kupendekeka. Kate kumanja, chitsulo kutsogolo. Kuchoka pabedi kukafika pachitseko, n'kubwerera. Bondo linkalira ngati chitseko cha dzimbiri. Ndatopa, sinditha kulemba zambiri.

Lachinayi, 19 Juni

Ndinkayembekeza kudzuka bondo litatupa kuti ndimuonetse Kate. Silinatupe. Kuwawa kulipo, koma ndi kwa mtundu wina, kwa minofu yomwe yagwira ntchito. Iye akuti lamulo lake ndi ili: ululu ukakhala wopiririka, ndipo pofika mawa lake watsika, ndipitirize. Bondo likatupa, likatentha, kapena ululu ukakhala wobaya, ndichepetse n'kumuuza. Ndiziyenda pang'ono koma kawirikawiri, m'mawa, masana, madzulo, osati ulendo umodzi wautali.

Tafika pakhonde. Michesi ndinali ndisanalione bwino chilowereni muno, lero lavala mtambo kumutu. Tili pabenchi anandifunsa chomwe ndikuopa, poti akuti anthu oopa ululu amawadziwa ndipo ine sindili m'gulu lawo. Ndinamuuza zonse. Anatsala kukamwa yasa. Kwawo mwamuna amalowola, mkazi ndiye amasamuka, ndipo nkhalamba imafera pakhomo pake. Anafunsa ngati boma lilibe lamulo loletsa zimenezi. Ndinaseka koyamba muno. Lamulo lingandisiye m'nyumbamo, koma silingauze anthu kuti azindipatsa moni.

"Adada," anatero, "ine mwambo wanu sindiudziwa. Koma mukakhalanso chaka china pampando paja, mufanana ndi anzanuwo. Pamenepo ngakhale atakuuzani kuti khalani, mukhala pamsana pa ndani?"

Ndinamupempha chinthu chimodzi: tiziyenda kuseri kwa wodi, kumene alendo safika, ndipo asauze munthu aliyense wa ku Kaduya. Anati nkhani za odwala sauza anthu, koma bodza sandinenera.

Lachisanu, 20 Juni

Kuseri kwa wodi katatu. Mwendo wowongoka uja lero wakwera, pang'ono pokha, koma wakwera. Nyemba za muno zikufuna mano a mnyamata.

Loweruka, 21 Juni

Ndasiya chitsulo, andipatsa ndodo. Akuti ndiziigwira kumanzere, mbali ya mwendo wabwino, ndodo ndi mwendo wodwala zizipita limodzi. Ndinkaganiza kuti walakwitsa, koma zikuyenda. Mapatapata wandiletsa, akuti ndizivala nsapato zogwira phazi lonse, za mphira pansi. Zomwe ndili nazo ndi zakutchalitchi, zomwe Leah anaponya m'chikwama, kaya ankati ndikupita kuukwati. Choncho pakati pa zingwe zoyanikira mabulangete pakuyenda nkhalamba ya kabudula wogonera ndi nsapato zopolisha.

Kuchimbudzi ndikupita ndekha, ndipo amene sanagwiritsepo ntchito kabeseni ka pansi pa bedi sangamvetse kukoma kwake. M'mimba mwamasuka. Tulo tikubwera. Anesi akuti BP yatsikako. Kuuma kwa m'mawa, komwe kunkakhala mpaka dzuwa kukwera, kukutha ndikangozungulira kamodzi. Ndikanakonda zikanakhala zabodza.

Kuseri kuja kulibe munthu, ndimakhala ine ndi akhwangwala. Ndikamayenda ndimangozindikira ndikulankhula ndi Eveles, kumuuza za kolala ya bambo uja. Akanaseka mpaka kutsokomola.

Lamulungu, 22 Juni

A Cornelius abwera. Ndinawaonera pazenera akutsika pakabaza, ndodo ndinaikankhira pansi pa bedi, bulangete mpaka m'khosi.

Anandipatsa moni wa Chilomwe, monga amachitira akafuna kuonetsa kuti ndife amodzi. Abweretsa nzimbe zodula kale, mbatata yootcha ndi sopo. Nawonso akalamba alamu anga, ndipo kolala ya malaya awo ndi yomwe ndinawatembenuzira ine. Tinakamba za mpunga, za maliro, za mphepo. Kenako anati kumudzi onse akupemphera kuti ndichire, ndiponso mdzukulu wawo Praise wapeza mwamuna, chinkhoswe chili mu Ogasiti. Analekera pomwepo, ndipo ine ndinamva. Mkamwini watsopano afuna pogona, ndipo nyumba ya malata yokhala munthu mmodzi pamudzi paja ndi imodzi yokha.

Anafunsa za mwendo. Ndinabuula, ndinati palibe kusintha. Mayi Lenia, omwe amandiona tsiku lililonse ndikudutsa ndi nsapato zanga, anaweramira m'beseni mwawo. A Cornelius anapukusa mutu ndi chisoni chenicheni, n'kundipempherera atagwira bondo lomwelo. Si munthu woipa. Akanakhala woipa bwenzi zili zosavuta.

Sindinadzuke tsiku lonse, kuopa kuti mwina akadali pageti.

Lolemba, 23 Juni

Bondo lauma gwa, ngati ndabwerera sabata yathunthu m'mbuyo. Kugona kwa tsiku limodzi lokha. Kate anapinda mwendo, anandiyang'ana, sanafunse. Tayambiranso pakhonde. Jakisoni womaliza ndi mawa, kenako makapisozi kwa milungu ingapo. Nzimbe za alamu ndagawira wodi yonse.

Lachiwiri, 24 Juni

Kanyula achotsa.

Mayi Lenia agwa. Ankanyamula amuna awo kuti awasinthire nsalu, msana unagwira, anakhala pansi pomwepo osatha kudzuka. Awatengera kuwodi ya amayi. Ana awo ali kutali, akuti mmodzi afika Lachisanu.

A Davison anatsala okha. Chakumasana anadziipitsira, anesi ali otanganidwa ndi anthu ovulala pangozi ya njinga yamoto. Anadziphimba kumutu, koma mapewa ankagwedezeka. Bambo wa ndevu zoyera, mwini minda ya mpunga. Ndinatenga ndodo ndi kachidebe, ulendo kukhitchini ya magadiyani kukapempha madzi otentha. Ndi kutali ndithu, kupitirira kochapira. Ndinafika nawo theka, ena anathera m'nsapato. Ndinawasambitsa mmene ndikanathera.

Nditamaliza anandigwira dzanja. Anati iwo poyamba anangofuna kukhala mwezi umodzi, poti ana ankati ababa mwagwira ntchito yokwanira, pumulani. Unali ulemu, chinali chikondi, palibe anawafunira zoipa. "Achimwene, musaime," anatero. "Ngakhale zivute bwanji, musaime."

Koma m'maganizo mwanga simunali a Davison. Munali Leah, ndi mimba yake ija, atagwada ndi chidebe. Chaka chonsechi wakhala akundikweza ndi kunditsitsa, ine n'kumadziuza kuti ndikukhalira iye ndi ana.

Lachitatu, 25 Juni

Ndazungulira chipatala chonse mkati mwa mpanda, kupumira pabenchi ya kolandirira mankhwala. Kate wandiphunzitsa masitepe: pokwera uziyamba mwendo wabwino, potsika uziyamba wodwala. Chiperoni chafika, kuzizira mpaka m'mano. Palibe wabwera.

Lachinayi, 26 Juni

Leah wabwera ndi mpunga watsopano ndi mazira. Nkhope yatupa, mapazi sakukwana m'mapatapata. Anandipeza nditagona, poti linali ola la alendo ndipo chizolowezi sichitha msanga. Anayamba monga mwa masiku onse: kundikweza mutu, kundiikira pilo, kugwira kapu pakamwa panga. Pomwe ankawerama kuti andikhazike ndinamumva akubuula pang'ono, kubuula kobisa, kwa munthu amene wazolowera kuti asamveke.

Tinacheza. Rejoice wachoka dzino. Shadrick wamaliza kupuntha mpunga. Za chinkhoswe cha Praise sanazitchule, inenso ayi.

Belu litalira anatolera mbale zake n'kutsanzika. Kwathu mlendo amaperekezedwa, ndipo ine chaka chonse sindinaperekeze munthu. Ndinafundukula bulangete, kuvala nsapato, kutulutsa ndodo pansi pa bedi, n'kuima.

Ndinkaganiza kuti alulutira, kapena agwetsa mbale. Iye anayang'ana kuchitseko kumene anthu ankatulukira, n'kundigwira malaya.

"Ababa, khalani pansi," ananong'ona. "Muno muli anthu a kwathu. Akuonani."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti mwanayu ankadziwa kuyambira pachiyambi. Kubuula kwanga kowonjezera kuja ankakumva, ndipo anasankha kundinyamula chaka chathunthu kuti bambo ake asachoke. Takhala tikubisirana chinthu chimodzi pakhomo limodzi, mwendo n'kumatha.

Ndinamuuza kuti msana wakewo uli ndi wina woti ubereke. Anati iye sanadandaulepo. Ndinati n'chifukwa chake ndaima. Tinayenda limodzi kudutsa m'wodi, pakhonde, pabwalo lonse mpaka pageti, iye akulira mwakachetechete, ine ndodo patsogolo. Pageti tinapeza amayi awiri a ku Kaduya, omwe ankaimba kwaya ndi malemu Eveles. Anawomba m'manja, akuti Mulungu ndi wabwino, a Lingson ayenda. Nkhaniyo ikafika kumudzi Leah asanafike.

Pobwerera ndinali ndekha. Bondo silinavute.

Lachisanu, 27 Juni

Adokotala akuti Lolemba nditha kutuluka. Anandiyendetsa m'wodi pamaso pa ophunzira awo ngati ng'ombe ya pachionetsero. Makapisozi ndimalize onse, panado pokhapokha ululu ukakula, ndidzabwerenso kumapeto kwa Julaye. Kate wati ndiziwonjezera mtunda pang'onopang'ono sabata iliyonse, ndipewe kukwera phiri ndi kusenza katundu, ndipo ndikabwerera pamakina ndizidzuka pafupipafupi kukawongola miyendo. Akuti mafupa odyekawo sadzameranso, kuwawa kuzibwera masiku ozizira, koma ndikamayenda ndidzafa ndikupitabe ndekha kuchimbudzi. Mtsikanayu sanaphunzire kunyengerera, ndipo ndamukonda chifukwa chomwecho.

Aliyense m'wodi akundiyamikira kuti ndachira. Walira mvula walira matope.

Mayi Lenia abwerako, atamangidwa lamba m'chiuno. Awaletsa kunyamula chilichonse cholemera. Mwana wawo wamkazi wafika, ndipo tsiku loyamba lomweli wayamba kudandaula za ana ake omwe wawasiya kwa anansi. A Davison akungoyang'ana kudenga.

Lamulungu, 29 Juni

Uthenga wochokera kwa a Cornelius: akondwa kwambiri, abwera iwo eni mawa. Atumizanso mawu kwa Annie, mwana wa malemu mlongo wanga, yemwe ndiye watsala pamudzi pathu kuseri kwa phiri. Ndinamuona komaliza pamaliro a mayi ake, ali ndi mwana kumbuyo. Pano akuti ali ndi zidzukulu. Sindikudziwa ngati ndingamuzindikire titakumana pamsika.

Ndapita ndekha kumapemphero a pachipatala, ndakhala kumbuyo. Kugwada sindinayese. Ndili ndi mantha, ndilembe choncho.

Lolemba, 30 Juni

A Davison ndawasiyira sopo. Kate ndinamuona patali akuthamangira kuwodi ya ana, sindinathe kumutsanzika.

Anabwera atatu: a Cornelius atavala jekete, Leah, ndi Shadrick akukankha njinga. Pakaliyala, pomwe ndinakhala pobwera, panali mphasa, chikwama cha zovala ndi khasu. Makina akuti abwera pangolo sabata yamawa.

A Cornelius analankhulira pansi pa mtengo wa pageti, chipewa chili m'manja. Anati n'kwabwino kuti ndilowere kwathu kuchokera konkuno, kusiyana n'kukafika kumudzi n'kuyambanso kutsanzikana, ana n'kumalira. Anati khomo ndi lotsegula, ndizibwera, ndine mlendo wolemekezeka. Ndinathokoza. Mawu onse oyenera ananenedwa mbali zonse ziwiri, palibe analakwitsa.

Leah ndinamuuza kuti asalire pamsewu, ndipo akauze Rejoice kuti dzino lija aponye padenga. Shadrick sanakweze maso, ankangomangamanga chingwe cha mphira chomwe chinali chomangika kale. Ndi mnyamata wabwino. Chaka chathachi wamanga nyumba ya njerwa zootcha pamudzi paja, wabzalanso mapeyala. Ndinafuna kumuuza kanthu, ndinasiya.

Anafuna kundiitanira kabaza mpaka pasiteji ya Migowi. Ndinakana. Leah ndi amalume ake anakhotera njira ya ku Kaduya, ine ndi Shadrick tinalunjika kusiteji, njinga patsogolo, ine pambuyo.

Lachinayi, 3 Julaye

Kwa Annie. Andipatsa kachipinda kosungiramo nandolo, akazira bwino. Amanditchula amalume, amagwada popereka madzi, zidzukulu zake zimandiyang'ana ngati wa kalembera. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndisavutike ndi kanthu, ndizingokhala pamthunzi n'kumapuma. Ndinathokoza, n'kutenga ndodo.

Makapisozi ndikumwa. Bondo limauma m'mawa, limamasuka ndikayenda. Ndimatsata msewu wafumbi wozungulira phiri, womwe munthu akautsata osaima amakafika ku Migowi, kenako ku Kaduya. Dzana ndinabwerera pachigayo, lero ndafika pamlatho. Leah achira mu Seputembala. Kaya pofika nthawiyo ndidzakhala ndikubwerera pati.

Pamjigo wa pafupi ndi mlathowo mayi wina wachitsikana anandipatsa madzi akumwa. Mudzi womwe ndinabadwira ndi uno, mchombo wanga unakwiriridwa pompano, koma anandifunsa mwaulemu wonse, "Anganga, sitikukudziwani. Kwanu n'kuti?"

Dzanja linakwera lokha kuloza ku Kaduya. Ndinalitsitsa, ndinabweza kapu, n'kumuuza kuti ndine wa kwa Annie.